Zinthu Zikavuta, Tiwauze Chiyani Anthu?

Ambiri a ife tikukumbukira komwe tidali Lolemba pa 10 Juni 2024. M'mawa wa tsikulo, nthawi itangopitirira 9 koloko, ndege ya asilikali idanyamuka pabwalo la Kamuzu ku Lilongwe itanyamula wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Dr. Saulos Chilima, pamodzi ndi anthu ena. Ulendo udali wa ku Mzuzu, wosakwana n'komwe ola limodzi, kuti akapitirire ku Nkhata Bay ku maliro a Ralph Kasambara. Ndegeyo idalephera kutera ku Mzuzu chifukwa cha nyengo yoipa, idauzidwa kuti ibwerere, ndipo kuyambira apo sidamvekenso. Chikalata cha boma chodziwitsa anthu kuti ndege yasowa chidatuluka madzulo. Mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, Dr. Lazarus Chakwera, adalankhula ku mtundu wa Amalawi usiku kwambiri, ndipo mawa lake masana adalengeza kuti ndegeyo yapezeka m'nkhalango ya Chikangawa, onse amene adali m'menemo atamwalira.

Kwa ife a ku Mzimba, Chikangawa ndi pakhomo. Timadutsapo popita ku Mzuzu, ndipo nkhungu yake ya mu Juni, imene imachititsa dalaivala kuyatsa magetsi dzuwa lili pamutu, timaidziwa bwino. N'chifukwa chake tsikulo mafoni athu sadapume. Achibale a ku Lilongwe, a ku Blantyre ngakhale a ku Joni ankatiimbira ngati kuti ifeyo tili m'nkhalangomo: "Kodi kumeneko mwamva zotani?" Ife tidalibe chimene tidamva. Koma munthu akakufunsa kachitatu, umachita manyazi kubwereza kuti sukudziwa, ndiye umangomupatsa chimene wawerenga pagulu lina la WhatsApp. Iyenso amachitumiza kwina, atawonjezerapo mawu akuti "izi zachokera kwa anthu a ku Mzimba komweko." Mphekesera imene idabadwira kutali idabwera kwathu kudzatenga chidindo, n'kubwereranso ikuoneka ngati umboni.

Sindikulemba zandale, ndipo tsamba lino si bwalo loweruzira anthu amene adagwira ntchito usiku wonse m'mvula ndi m'nkhungu. Akatswiri a ku Germany adafufuza za ngoziyo, bungwe lofufuza limene boma lidakhazikitsa lidapereka lipoti lake mu Disembala 2024, koma mpaka lero alipo ambiri amene mitima yawo siidakhazikike. Maganizo anga ndi akuti mbali ina ya kukayika kumeneku idamera m'maola aja apakati pa m'mawa ndi madzulo, pamene anthu adali atamva kale kuti chinachake chavuta koma oyenera kulankhula adali asadatsegule pakamwa. Munda ukausiya osadzala, sukhala wopanda kanthu. Umamera zake. Ndipo nkhaniyi si ya akuluakulu a boma okha. Mphunzitsi wamkulu amene mwana wakomoka pasukulu pake, namwino, wapampando wa mphakati, mkulu wa banja amene walandira foni yoipa usiku, onsewa tsiku lina amapezeka ataima pamaso pa anthu a mantha amene akudikira mawu.

Lankhula msanga, ngakhale uli ndi zochepa

Amene amachedwa kulankhula nthawi zambiri sachita dala. Amafuna ayambe adziwa zonse, kuti asanene chinthu chimene mawa chidzawachititse manyazi. Ndi maganizo aulemu, ndipo makolo athu adanenadi kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma kudekha ndi kukhala chete ndi zinthu ziwiri. Munthu wodekha angathe kuima n'kunena kuti: chimene tikudziwa ndi ichi, chimene sitidachidziwe ndi ichi, chimene tikuchita pakali pano ndi ichi, ndipo tidzakuuzaninso nthawi yakuti. Mu ziganizo zinayi zimenezi mulibe bodza, mulibe kulosera, ndipo mungathe kuzinena patangopita mphindi makumi awiri chichitikire vuto.

Chiganizo chachiwiricho ndiye chimativuta. Timaganiza kuti mtsogoleri akanena kuti "sindidadziwe", wadzitsitsa. Zimene ndaona n'zosiyana. Anthu akamva munthu akuvomera poyera kuti pali zina zimene sadazidziwe, amayamba kukhulupirira zimene akuti akuzidziwa. Bungwe la ku America loona za matenda la CDC, litaphunzirapo pa chisokonezo cha mu 2001 pamene makalata okhala ndi tizilombo ta anthrax adatumizidwa kwa anthu, lidakonza maphunziro a kalankhulidwe ka pa nthawi ya ngozi. Mfundo yoyamba pa mndandanda wawo ndi yakuti ukhale woyamba kulankhula, yachiwiri ndi yakuti zimene wanenazo zikhale zoona. Adaziika motsatana chotero podziwa kuti mawu oyamba kumveka ndi amene amakhazikika m'mutu, ndipo obwera pambuyo amagwira ntchito yozula chitsa.

Nanga ukalakwitsa? Pa nkhani ya ndege ija, uthenga woyamba udasonyeza kuti mudali anthu 10. Pambuyo pake zidadziwika kuti adali 9. Kulakwitsa kotere kumachitika paliponse pamene zinthu zikuthamanga, ndipo pakokha si tchimo. Chimene chimapweteka ndi kusintha nambala mwakachetechete, ngati kuti palibe amene adamva yoyamba ija. Anthu amaona, ndipo funso lawo limakhala lakuti, "Nanga winayo ali kuti?" Ukalakwitsa bwerera pomwe udalankhulira paja, unene kuti poyamba tidati chakuti, tsopano tapeza kuti ndi chakuti, ndipo chidatisokoneza ndi ichi. Zimatenga mphindi imodzi.

Palinso china chokhudza makutu a munthu wamantha. Katswiri wina wa ku America pa nkhani zimenezi, Vincent Covello, amaphunzitsa kuti munthu akagwidwa ndi mantha mutu wake umadzaza phokoso, kotero kuti zambiri zimene akuuzidwa zimangodutsa. Malangizo ake ndi akuti uthenga woyamba usapitirire mfundo zitatu, mawu pafupifupi 27, onenedwa m'masekondi 9. Nambalazi adaziwerengera pa Chingerezi, ndipo Chichewa kapena Chitumbuka sichingalowe ndendende m'chikombole chimenecho, koma nzeru yake ndi yoona. Ife timakonda kuyamba ndi malonje. Timalemekeza a mfumu, a wapampando, alendo olemekezeka, amayi ndi abambo, kenaka mbiri ya momwe nkhani idayambira, ndipo chenicheni chimabwera kumapeto anthu atatopa. Pa chikondwerero zimenezo n'zabwino. Koma mayi amene akufuna kudziwa ngati mwana wake ali moyo samva chilichonse mpaka mutafika pa mwanayo. Yambirani pamenepo. Malonje adzabwera.

Zimene makolo ankadziwa

Tisaganize kuti luso limeneli ndi la m'mabuku a kunja kokha. Taonani momwe uthenga wa maliro unkayendera kumudzi, ndi momwe ukuyenderabe m'midzi imene mwambo udakalipo. Munthu akatsirizika, amene ali pafupi sathamangira pabwalo kukakuwa. Amayamba auza akuluakulu a banja, akuluakuluwo amakadziwitsa a mfumu, ndipo kulira kumayamba zimenezi zitachitika. Kwa achibale akutali kumatumidwa munthu wamkulu, wodziwika, osati mwana. Akafika sanenera pakhomo ali chiimire. Amakhala pansi, amaonetsetsa kuti wolandira uthengayo sali yekha, n'kuyamba ndi mawu okonza mtima, akuti odwala aja zinthu sizili bwino, asadafike pa mawu enieniwo. Ndipo sachoka asadanene tsiku loika ndi chimene wolandirayo akuyenera kuchita. Mukauyang'anitsitsa mwambo umenewu mupezamo zonse: ndani alankhule, ayambe kumva ndani, anene motani, ndipo omverawo achite chiyani.

Foni idaphwanya ndondomeko imeneyi, ndipo kuno kwathu timamva kuwawa kwake kuposa madera ambiri. Ku Manyamula, monganso ku Embangweni ndi ku Edingeni, n'zovuta kupeza banja lopanda wake ku South Africa. Malata a nyumba zambiri adagulidwa ndi ndalama za ku Joni, ndipo mauthenga oipa nawonso amachokera komweko. Ndikudziwa mayi wina wa chakumudzi kwathu, sindiwatchula dzina, amene adamva za imfa ya mwana wawo kuchokera kwa mdzukulu wa zaka khumi ndi ziwiri. Kamtsikanako kadaona chithunzi cha amalume ake pafoni, pansi pake patalembedwa zilembo zitatu zija tonse timazidziwa, n'kupita nacho kwa agogo ake kukafunsa tanthauzo lake. Amene adaika chithunzicho adali mnzake wa malemuyo, wokhala naye nyumba imodzi, ndipo adachita zimenezo chifukwa cha chisoni chenicheni. Akuluakulu a banja adali atamva kale, ndipo adali m'njira kupita kukawauza mayiwo mwaulemu. Adawapeza atagwa pabwalo, ali ndi mwana yekhayo.

Madzi akatayika saoleka. Lamulo lake ndi lalifupi: dzina kapena chithunzi cha womwalira, kapena cha wovulala pangozi, chisaikidwe pa Facebook kapena pagulu lililonse mpaka mutatsimikiza kuti banja lake lauzidwa ndi munthu, pamaso. Apa mwina wina afunsa kuti, kodi si iwe wanena kuti tizilankhula msanga? Inde. Kulengeza msanga kuti kwachitika ngozi ndi kwina, kutchula maina ndi kwina. Choyambacho chimatseka pakamwa pa mphekesera. Chachiwiricho chili ndi eni ake oyenera kuyamba kumva.

Pamene mantha asanduka mkwiyo

Mu Seputembala ndi Okutobala 2017, mphekesera za anamapopa zidabuka ku Mulanje ndi ku Phalombe n'kufalikira m'maboma oyandikana nawo mpaka mu mzinda wa Blantyre. Anthu osachepera 8 adaphedwa ndi magulu olusa powaganizira kuti amapopa magazi, mmodzi mwa iwo mnyamata wodwala matenda akugwa. Bungwe la United Nations lidachotsa antchito ake m'maboma ena kwa kanthawi. Kumayambiriro kwa 2020 ku Zambia kudabuka mantha a anthu opopera mpweya woipa m'nyumba usiku, kuyambira ku Chingola, ndipo anthu makumi angapo adaphedwa ndi anzawo chifukwa chongoganiziridwa. Pofika Malichi ndi Epulo chaka chomwecho, nkhani za anamapopa zidali zitabukanso kuno ku Malawi, ulendo uno m'chigawo chapakati ndi chakumpoto. Ife amene malire a Lundazi tili nawo pafupi tikudziwa kuti mphekesera siifuna chiphaso podutsa.

Palibe namapopa ndi mmodzi yemwe amene adagwidwapo ndi umboni. Amene adafa adali alendo odutsa, odwala misala, anthu osochera usiku. Komabe kuuza anthu kuti "zimenezo n'zabodza, n'zaumbuli" sikudathetse kanthu, ndipo malo ena kudakolezera moto, chifukwa wonena zimenezoyo ankayamba kuganiziridwa kuti ali nawo limodzi. Ineyo ndidalakwitsapo chimodzimodzi. Nthawi imeneyo sukulu zonse zidali zitatsekedwa chifukwa cha Covid-19, ndipo ndidali kumudzi ndi maphunziro anga atheka. Anyamata atayamba kulondera usiku ndi zibonga, ndidawafotokozera za sayansi ya magazi, kuti sangatengedwe chotero n'kukhala ndi ntchito. Adandimvetsera mpaka kumapeto, kenaka wina adati, "Awa sukulu idawapweteka." Usiku womwewo kulondera kudapitirira, ndipo ine ndidasiya kuitanidwa pokambirana.

Amene adathandiza adali bambo wina wachikulire amene sadapite patali ndi sukulu. Iwo sadatsutse chilichonse poyamba. Adafunsa kuti, waona ndi maso ake ndani? Aliyense adaloza mnzake, mnzakeyo adaloza mudzi wina. Kenaka adati mantha athuwa ndi omveka, ana akulephera kugona, ndipo kulondera n'kwabwino, koma tigwirizane chinthu chimodzi: aliyense amene tamupeza usiku tisamukhudze, tipite naye kwa a mfumu, a mfumu aitane apolisi. Adasankha anthu atatu akuluakulu oti aziyenda ndi anyamatawo. Patapita masiku ochepa adapezadi munthu usiku, ndipo atafika naye kwa a mfumu zidadziwika kuti adali mlamu wa banja lina la mudzi woyandikana nawo, amene njinga idamuthera mpweya. Bambo aja sadapambane mtsutso wa ngati anamapopa alipo kapena ayi. Adangoonetsetsa kuti pasafe munthu, ndipo pa sabata imeneyo chofunika chidali chimenecho.

Ndidaphunzirapo kuti munthu wamantha amayamba wafuna kudziwa ngati mwamumva, asadafune kudziwa ngati mukudziwa. Ndidaphunziranso kuti uthenga woona ukanyamulidwa ndi munthu wosayenera umafika utafa. Ku West Africa, pa mliri wa Ebola umene udapha anthu oposa 11,000, gulu la anthu 8 lopita kukaphunzitsa za matendawa lidaphedwa m'mudzi wa Womey ku Guinea mu Seputembala 2014. Uthenga wawo udali woona ndi wopulumutsa, koma adafika ngati alendo pakati pa anthu amene ankaona abale awo akutengedwa ndi ovala zoyera osabweranso. Zinthu zidayamba kusintha pamene azaumoyo adakhala pansi ndi mafumu, mashehe ndi abusa, n'kukonza njira yoika maliro yotetezeka koma yololeza achibale kuona ndi kupemphera. Wakutsina khutu ndi mnansi. Mawu omwewo akachokera kwa mlendo amamveka ngati chipongwe.

Apa ndiikepo za chilankhulo, ngakhale ndikulemba m'Chichewa. Mtauni muno timasakaniza, ndipo Chichewa chimatigwirizanitsa ndi anzathu ochokera m'maboma ena amene akugwira ntchito kuno. Koma agogo a ku Manyamula akamaopa, amaopa m'Chitumbuka. Uthenga wa ngozi ukafika m'Chingerezi, wina n'kuumasulira m'Chichewa, winanso n'kuupereka m'Chitumbuka mongokumbukira, pofika kumapeto umakhala utasintha nkhope. Amene akulemba uthenga wotere aulembe yekha m'zilankhulo zonse ziwiri, ndipo ngati n'kotheka aujambulenso ndi mawu, atchule dzina lake, udindo wake, tsiku ndi nthawi, chifukwa mauthenga a mawu akale amabwereranso patapita chaka ngati atsopano. Tisaiwalenso wailesi. Mzimba Community Radio, Radio Tigabane ndi Voice of Livingstonia zimafika m'nyumba zimene mulibe foni ya intaneti.

Zooneka ndi maso

Nthawi zina chochita chimalankhula kuposa chikalata. Pa 19 Meyi 2021, nduna ya zaumoyo pa nthawiyo, Khumbize Kandodo Chiponda, idatsogolera kuwotcha poyera katemera wa AstraZeneca 19,610 amene masiku ake adatha mu Epulo. Zidachitikira ku Kamuzu Central Hospital, atolankhani akuona. Padali malangizo ochokera kunja akuti katemerayo ayambe wasungidwa, koma boma lidaona kuti anthu akayamba kukayika kuti akubayidwa mankhwala otha ntchito, adzathawa ngakhale katemera wabwino. Wina angatsutse kuti kudali kuwononga. Ine ndikuona kuti adazindikira chinthu chofunika, chakuti anthu amene akhala akumva zonena zambiri amafuna chimodzi choona ndi maso.

Yerekezani ndi zimene zidachitika chaka chimodzi m'mbuyo mwake. Kumapeto kwa Meyi 2020, mabasi adabweretsa Amalawi ochokera ku South Africa, ndipo adasungidwa pabwalo la Kamuzu Stadium ku Blantyre podikira zotsatira za kuyezedwa Covid-19. Anthu oposa 400 adathawa pamalopo, ena chodumpha mpanda. Adadandaula za chakudya, madzi ndi zimbudzi. Ambiri tidawadzudzula, ndipo kuthawako kudalidi koopsa kwa abale awo kumudzi. Koma munthu amene wayenda masiku angapo pabasi, ntchito itamuthera, mukamukhazika pamalo osamuuza momveka kuti akhalapo mpaka liti ndipo adya chiyani, mawu akuti "khalani pompano" sakhala ndi mphamvu. Lamulo limene silikuyenda ndi chisamaliro anthu amaliona ngati chilango.

Chinanso n'chakuti munthu wamantha amafuna chogwira. Mukangomuuza kuti kwabwera zoopsa osamupatsa chochita, adzadzipezera yekha, ndipo kawirikawiri chimakhala chibonga kapena kuthawa. Mliri wa kolera umene udayamba ku Machinga mu Malichi 2022 udafika m'maboma onse a dziko lino, udadwalitsa anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700. Boma lidaulengeza kuti ndi ngozi ya zaumoyo pa 5 Disembala 2022, ndipo mu Febuluwale 2023 lidakhazikitsa kampeni ya Tithetse Kolera. Pa nthawi imeneyo ndidamva zolengeza za mitundu iwiri. Wina ankati, "Abale, kolera yavuta, tiyeni tisamale ukhondo." Aliyense ankagwedeza mutu, chifukwa palibe amene amadziyesa wauve. Wina ankati, madzi akumwa muwiritse kapena muthiremo klorini, sambani m'manja ndi sopo pochokera kuchimbudzi ndi musadadye, ndipo munthu akayamba kutsegula m'mimba mwamadzimadzi muyambe kumumwetsa Thanzi ORS nthawi yomweyo muli pa ulendo wa kuchipatala, osadikira kuti kuche. Ngati mulibe paketi, sungunulani masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi abwino. Wachiwiriyu adatenga masekondi ochepa kuposa woyamba uja akadayamba malonje, koma mayi adatuluka akudziwa chochita usiku mwana akadwala. Kolera imapha chifukwa cha kutha kwa madzi m'thupi, nthawi zina m'maola ochepa chabe, ndiye chiganizo cha kumwetsa m'njiracho ndi chimene chimasiyanitsa moyo ndi imfa.

Zikatigwera ife

Parishi ndi amodzi mwa malo ochepa kumene anthu mazana amakhala chete n'kumvetsera munthu mmodzi sabata iliyonse, ndipo miphakati yathu ili ndi magulu a WhatsApp amene uthenga umafika m'makomo onse ola lisadathe. Imeneyi ndi mphamvu, ndipo ingagwire ntchito mbali zonse ziwiri. Ndikupempha kuti mphakati uliwonse ukambirane funso ili kusadagwe kanthu: zikavuta, wolankhula m'dzina lathu ndani, ndipo iye akakhala kuti palibe, ndani? Akhale anthu awiri odziwika, okhala ndi manambala a bambo mfumu, a mfumu a dera, a mlangizi wa zaumoyo ndi apolisi. Ena tonse ntchito yathu ikhale kutumiza kwa iwowo zimene tamva, osati kugulu. Pa za matenda, nambala ya Chipatala cha pa Foni ilipo yoti munthu afunse kwa azaumoyo asadafalitse zimene wamva.

Tiyerekeze kuti lole imene yanyamula a kwaya pobwera ku ukwati yagubuduzika Loweruka masana. Uthenga umene ambiri tingalembe ndi wotere: "Abale tipemphere, a kwaya achita ngozi yoopsa kwambiri, zinthu sizili bwino." Wolembayo ali ndi mtima wabwino. Koma m'lolemo mudali anthu 40, ndiye kuti mabanja 40 tsopano akuganiza za maliro. Mawu akuti "sizili bwino" m'chilankhulo chathu tikudziwa kumene amaloza. Pakutha pa mphindi khumi wina adzakhala atalemba kuti amwalira asanu, ndipo njinga zamoto zidzakhala zikuthamangira kumalo a ngozi, kutsekereza njira ya ambulansi.

Uthenga wina ungakhale wotere: "Ndine mlembi wa kwaya, ndikulemba 3 koloko masana, Loweruka. Lole ya a kwaya yachita ngozi pobwerera. Ovulala atengeredwa kuchipatala cha boma ndipo a wapampando ali nawo komweko. Sitidadziwe chiwerengero chawo ndi momwe avulalira. Mabanja a ovulala tiwaimbira mmodzimmodzi. Chonde musapite kumalo a ngozi ndipo musatumize zithunzi. Amene muli ndi galimoto imbirani ine. Ndilembanso 4 koloko." Mulibe mawu otonthoza abodza. Sadanene kuti onse ali bwino, chifukwa sakudziwa, ndipo akadanena zimenezo wina n'kumwalira, palibe akadamukhulupiriranso mpaka kalekale. Sadanenenso kuti "musade nkhawa", mawu amene sadachotsepo nkhawa ya munthu ndi kale lomwe. Ngati akufuna kuonetsa chifundo, chiganizo chimodzi chikwanira, chakuti tikudziwa kuti kudikira kotere n'kowawa.

Ndipo 4 koloko ikakwana alembedi, ngakhale palibe chatsopano. Apa ndi pamene ambiri timagwera. Timaganiza kuti popeza palibe chosintha, palibe chonena, koma kwa amene wagwira foni m'manja akuyang'ana nthawi, 4 koloko yopanda uthenga imatanthauza kuti zafika poipa ndipo akubisa. Alembe kuti, "Ndi 4 koloko. Madokotala adakali ndi ovulala, sitidalandire maina onse. Mabanja 12 tawaimbira kale. Ndilembanso 5 koloko." Ngati pali womwalira, dzina lake silidutsa pagulu. Anthu awiri akuluakulu anyamuke, apite kunyumba kwake, akakhale pansi. Gulu lidzauzidwa iwo akabwerako.